A Mpaniha ndi Mavoliti Awiri Osowa

Uthenga wa maliro a Gerevazio Mpaniha unandipeza Lachitatu ndili pa mjigo, ndowa isanadzaze. Anaubweretsa ndi bambo wina wogulitsa makala wochokera ku Fort Lister, amene anatsika pa njinga n'kufunsa ngati ndine mphunzitsi uja ndinkakonda kucheza ndi mkulu wa magetsi. Nditavomera, anavula chipewa. Akuti anadwala masiku anayi okha, chifuwa, ndipo anatsirizika m'mawa anthu akupita kumunda.

Chimene chinayamba kundibwerera m'mutu sichinali nkhope yawo ayi, ndipo ndikuchita nazo manyazi pang'ono. Ndinakumbukira ketulo yanga. Ndinali nditangofika kumene kuchokera kwathu ku Ntchisi kudzaphunzitsa pa sukulu ina kunsi kwa phiri la Michesi. Nyumba inali yopanda magetsi, ndiye ndinadzigulira sola, batire ndi inveta, kabokosi kaja kosandutsa magetsi a batire kuti akhale ngati a m'tauni. Ndinawonjezapo ketulo yamagetsi yonyezimira, poti ndinkafuna anthu aone kuti kwabwera madamu. Ndikuitulutsa m'katoni pakhonde, mkulu wina wamtali, wovala jekete dzuwa likuswa mtengo, anapatuka pa njira, nainyamula ketuloyo, naitembenuza, n'kuyamba kuwerenga timalemba ta kunsi kwake. Moni unabwera pambuyo.

"Mwaswera, aphunzitsi. Batire lanu ndi la mavoliti angati?"

Ndinati 12, poti ndi zimene zinalembedwapo.

"Ketulo iyi ikufuna mawati 1200. Ndinu aphunzitsi, gawani."

Anathyola kamtengo ka nandolo n'kundipatsa, ndipo ine, mayi wamkulu ndi satifiketi yanga, ndinanjuta n'kulemba samu pa dothi ngati mwana wa Sitandade 5. Yankho linatuluka 100.

"Maampu amenewo," anatero. "Kawaya kanu aka kakanyamula 10 ndiye kuti kayesetsa. Muzisungiramo shuga, mayi, nyerere sizilowa."

Ketuloyo ndimasungiramo shuga mpaka lero, ndipo ananena zoona, nyerere sizilowa.

Koma kuti mumvetse za a Mpaniha muyenera kudziwa kaye mmene ankakhalira pamudzipo. Anali mkamwini. Kuno mwamuna amatsata mkazi, ndipo iwo anachoka kwawo ku Fort Lister akadali ndi tsitsi lakuda kudzamanga banja ndi a Esinala, n'kukhala pa malo a akuchikazi mpaka imvi. Nyumba anamanga okha, mango anabzala okha, koma dothi silinali lawo. Mphatso ya ana Mulungu sanawapatse, choncho panalibe woti adzaimirire tsiku lina n'kunena kuti bambo athu sachoka pano. A Esinala atamwalira, aliyense ankadziwa kuti chiliza chikadzavundukulidwa abale adzakhala pansi kuwasudzula, kunena kuti ukwati watha, n'kugamula ngati mkuluyo atsale kapena abwerere kwawo kumene anachokako zaka makumi anayi zapitazo. Mawu omaliza anali m'kamwa mwa a Dizimasi, achimwene awo a Esinala, eni mbumba. A Mpaniha sanatsale. Anachotsedwa chifukwa cha samu imodzi imene ine ndinalemba nawo pa dothi, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikudzifunsa ngati samuyo inali yoyenera kutayira nyumba.

Itatha nkhani ya ketulo ndinayamba kupita kwawo Loweruka masana. Chidwi ndi matenda anga, amayi anga ankatero kale. A Esinala nthawi imeneyo anali moyo, mayi wamfupi wokonda kuseka, amene ankandipatsa nyemba za kalongonda m'kambale n'kundiuza kuti ndisachedwe nawo amuna awo, poti amawerenga chilichonse kupatula nkhope za anthu. A Mpaniha ankangopukusa mutu n'kutulutsa zida zawo: kamita kachikasu koyezera mavoliti, komangamanga ndi tepi, ndi chigeji chozungulira choyezera maampu chimene anachichotsa pa thirakitala yakufa.

Fanizo anali nalo limodzi lokha, ndipo sankalibwereza. Anandilozera amayi akutsika m'phiri la Michesi atasenza nkhuni, nati kutsetsereka kwa phiri ndiwo mavoliti, kuchuluka kwa amayi odutsa ndiwo maampu, ndipo kupanikiza kwa kanjirako ndiwo maomu. Atatero analisiya fanizolo, nati zotsalazo ndi masamu, ndipo ukadziwa ziwiri chachitatu sichibisala. Analumikiza babu la galimoto ku batire. Kamita kanati mavoliti 12, chigeji chinati maampu 2. Anandiuza ndigawe 12 ndi 2, ndipeze 6, amenewo ndi maomu, kukanika kwa njira ya m'babumo. Kenako anandiuza ndichulukitse manambala omwewo, ndipeze 24, amenewo ndi mawati, mphamvu imene babu likudya. Zinandidabwitsa kuti manambala awiri omwewo, ukawagawa akuuza china, ukawachulukitsa akuuza chinanso. Ndinafunsa kuti nanga mawati odyedwawo amapita kuti. Anandigwira chala n'kuchiyandikiza ku babu mpaka ndinachibweza ndekha. Ankanena kawirikawiri kuti mawati sasowa, akapanda kuwala kapena kuimba ndiye kuti akutentha penapake.

Pa tsiku la msika ogulitsa zamagetsi ankati akawaona akubwera amavundikira katundu ndi chitenje. Mkuluyu sankagula kanthu, ankangowerenga. Tsiku lina ndinawapeza atanyamula kabokosi kokuzira nyimbo kolembedwa pa katoni kuti mawati 5000, zilembo zofiira ngati magazi. Anatsegula kumbuyo, napeza fyuzi ya maampu 5, n'kumufunsa wogulitsayo mwaulemu kwambiri kuti 5 kuchulukitsa ndi 12 ndi zingati. Bamboyo anati sakudziwa. A Mpaniha anati ndi 60, ndipo akupempha kuti awaonetse kumene kwasungidwa mawati enawo, mwina ali m'katoni ina. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wogulitsayo anawatukwana Chichewa ndi Chilomwe chomwe, koma iwo anabweza kabokosiko ndi manja awiri, nathokoza, n'kupita pa benchi yotsatira.

Mkangano wawo waukulu unali ndi alamu awo a Dizimasi, ndipo unali wakale kuposa ine pamudzipo. A Dizimasi, bambo wa thupi, wa mawu akulu, wokonda kutsogolera pamaliro ndi paukwati, ankakhulupirira kuti mabatire a wailesi akatha umawayanika padzuwa, amadzuka. A Mpaniha ankabwera ndi kamita kawo, n'kuyeza asanawayanike, n'kuyezanso atawayanika, n'kulengeza zotsatira pamaso pa aliyense amene ali pafupi. A Dizimasi ankati kamitako n'kabodza ngati mwini wake. Akatero amakhala pansi kusewera bawo mpaka dzuwa kupendeka, akunyozana. Chinali chilamu, ndipo a Esinala akaona kuti nthabwala zayamba kumera mano amangotulutsa thobwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Atamwalira mayiwo panalibenso wotulutsa thobwa.

Za moyo wawo wakale sankakamba zambiri. Ndinkangodziwa kuti anagwira ntchito ya magetsi zaka zambiri pa esiteti ina ya tiyi kuseri kwa phiri la Mulanje, akumabwera kunyumba pa njinga pakutha pa mwezi. Koma m'chikhatho chawo chamanja munali chipsera choyera, chowongoka, chodutsa kuchokera ku chala chachikulu mpaka ku chaching'ono. Nditafunsa, anati anagwetsa sipanala pa batire la thirakitala, inakhudza mitu yonse iwiri, ndipo pamene ankaitola inali itafiira kale. Magetsi a ku fakitale, amene amapha munthu, sanawasiyirepo chizindikiro. Anawalemba m'manja ndi mavoliti 12 omwewa, amene ana amaseweretsa.

Chiliza cha a Esinala chinavundukulidwa mu Okutobala, nthawi imene udzu umathetheka ukangoupondapo. A Dizimasi anafuna kuti mwambo wa mlongo wawo ukhale wosaiwalika. Anamanga chisakasa chachikulu cha udzu pabwalo pawo, choti amayi ndi ana akhalemo pochokera kumanda. Mwana wawo Fulaye, bambo wa banja lake wokhala ku Limbe, anabwera ndi masipika awiri aatali ngati munthu, chokuzira mawu, firiji ya zakumwa, masola ndi mabatire. Mabatirewo anawaika kuseri kwa chisakasa, pamthunzi, ndipo inveta anaiika kutsogolo pa tebulo. Mawaya onenepa amene anabwera ndi invetayo anali aafupi, sanafike. Fulaye anawonjezera ndi waya wopyapyala wa nyale za m'nyumba, napotokola polumikizapo, nakulunga ndi malegeni a chubu cha njinga monga amachitira aliyense kuno, n'kumubisa wayayo mu udzu wa denga kuti ana asakodwe.

M'mawa, anthu asanachuluke, pamene ankayesa nyimbo, a Mpaniha anapita kwa Fulaye. Ine ndinali pafupi ndikusanja mbale ndi amayi anzanga.

"Fulaye, mwana wanga, waya ameneyu wachepa."

"Ankolo, izi ndi twelofu voti basi, siziluma." Anagwira mitu iwiri ya batire ndi manja ake onse, akuseka. "Mwaona? Ndili bho."

A Mpaniha anangofumbata dzanja lawo lamanja. Anapempha kuti ayeze kamodzi kokha, ndipo Fulaye, pofuna kuti mkuluyo amuchoke, analola. Analowetsa chigeji chawo cha thirakitala pa waya, nati nyimbo ndi firiji ziyatsidwe zonse. Muvi unakwera n'kuima pa 30. Anayeza ndi kamita pa batire, panali mavoliti 13, poti dzuwa linali likuthira kale mphamvu. Anazungulira kutsogolo nayeza pa inveta, panali 11. Ndiye anandikodola.

"Aphunzitsi, bwerani mudzachitire umboni. Achoka 13, afika 11. Awiri atsala kuti?"

"M'njira," ndinatero.

"Gawani 2 ndi 30."

Ndinalemba ndi chala pa dothi. Inatuluka nambala yaing'ono yochititsa chisoni, yosafika ndi omu imodzi yomwe, gawo limodzi mwa magawo 15. Ndinaseka, ndikuvomera. Ndinati ngati kukanika kwa wayayo ndi kumeneku, ndiye palibe nkhani.

"Tsopano chulukitsani."

Ndinachulukitsa 2 ndi 30, n'kupeza 60.

"Babu lakale lija la mawati 60, munaligwirapo likuyaka?"

Ndinaligwirapo ndili mtsikana kwa azakhali anga ku Lilongwe, ndipo ndinayenda ndi chithuza sabata yonse.

"Lili mu udzumo," anatero, akuloza denga la chisakasa ndi mlomo. "Kungoti silikuwala."

Anamuuza Fulaye kuti mankhwala ake ndi apafupi: anyamule mabatire awaike pansi pa tebulo, pafupi ndi inveta, agwiritse mawaya onenepa okha. Fulaye anakana, nati mabatire akuda aja aononga zithunzi, ndipo mawaya a masola safika kutsogoloko. Pamenepo a Mpaniha anachita zimene mkamwini wodziwa mwambo amachita. Sanakweze mawu pagulu. Anawaitanira a Dizimasi kuseri kwa nkhokwe, nanjuta, naomba m'manja pang'ono, n'kufotokoza. Kumeneko n'kumene tinkatsukira mbale, ndiye ndinamva zonse ndisanafune.

"Alamu," anatero a Dizimasi, "lero si tsiku la masamu. Mwana wanga wachoka nazo kutali zinthu izi. Inu ndinu amasiye, khalani pa mpando wanu anthu akuoneni muli phee." Anatsitsa mawu. "Mawa tili ndi nkhani yanu. Ine ndakonza kale zoti mukhale pano mpaka Mulungu akuitaneni. Musandipatse ntchito."

A Mpaniha anati zikomo, amva. Mayi wina wachikulire amene ankatsuka nafe anawayang'ana akuchoka, n'kung'ung'udza kuti mkamwini asamakule mwendo.

Tinapita kumanda, tinapemphera, chinsalu chinachotsedwa, tinabwerera. Dzuwa linafika pamutu. M'chisakasa munadzaza amayi a makanda kumbuyo, ana, ndi nkhalamba zimene zinachita kunyamulidwa pa njinga. Kamphepo kotentha kankaomba kuchokera ku mpata wa pakati pa mapiri awiri. A Mpaniha anakhala pa mpando wawo kutsogolo, jekete yomanga mabatani onse, ndipo ndinaona kuti sakuyang'ana kwaya kapena abusa. Maso awo anali pa denga. Kwaya itayamba kuimba Fulaye anakweza mawu mpaka mbale kunjenjemera pa tebulo. Ine ndinali nditaima m'mphepete mwa chisakasacho. Ndinkanunkhiza mpweya ngati galu, koma ndinkangomva fungo la mbuzi yowotcha.

Kenako anaimirira a Dizimasi kuti anene mbiri ya malemu. Pepala limenelo analikonza masabata angapo, mpaka anabwera nalo kwa ine kuti ndiwaikire mipumiro. Anayamba bwino, mawu awo akumveka mpaka kumigodi ya njerwa. Anafotokoza za makolo awo amene anaoloka kuchokera ku Mozambique atasenza mbewu ya chinangwa. Ali pakati potchula dzina la amayi awo, a Mpaniha anadzuka, nayenda mosafulumira kuzungulira kuseri, natulutsa sipanala m'thumba la jekete, n'kumasula waya pa batire.

Mawu anaduka. A Dizimasi, poti maso anali pa pepala, anapitiriza kugwedeza milomo ndi kutambasula dzanja kwa kanthawi ndithu, osamveka kanthu. Wina kumbuyo anaseka, ena n'kutsatira. Kuseka kumeneko ndi kumene kunaononga zonse, ndikukhulupirira choncho mpaka lero.

Fulaye anathamangira kuseri, nawapeza a Mpaniha atayala thabwa pamwamba pa mabatire n'kukhalapo, manja pa mawondo.

"Ankolo, dzukani! Mwapenga kodi?"

"Ndimenye, mwana wanga, palibe mlandu. Koma pano sindidzuka."

Ndani akanakoka nkhalamba yamasiye pa chiliza cha mkazi wake, abusa akuona? A Mpaniha anakhala pomwepo masana onse, okha, thukuta likutsika, osadya. A Dizimasi anamaliza mbiri ndi kukhosi kwawo, mawu atasasa, akumbuyo osamva kanthu. Zakumwa zinafunda. Alendo anabalalika msanga, aliyense atanyamula nkhani yoti akakambe kwawo. Ndipo moto sunabuke, utsi sunaoneke, palibe chinachitika. Chisakasa chinaima bwinobwino, ngati chikuwachitira umboni a Dizimasi.

Mawa lake pa kusudzula ine kunalibe, poti ndi nkhani ya abale, koma amayi anzanga anandiuza kuti sizinatenge nthawi. A Dizimasi anawathokoza alamu awo chifukwa chosunga mlongo wawo mpaka kumuika, nati njira ya kwawo ndi yotsegula. A Mpaniha anayankha kuti zikomo, amva. Patatha masiku atatu anamanga bulangete, zida ndi kasutikesi pa njinga, n'kuikankha, poti sakanatha kukwera ndi katundu yense uja. Ndinawaperekeza mpaka pa mlatho. Ndinalira, ndipo iwo anandiuza kuti ndizithira madzi m'batire langa, ndisamadikire kuti lidandaule.

Mudzi unagawanika. Ena ankati mkuluyo anachita dala, nsanje poti zida za Fulaye zinaposa zake. Ena ankati chisoni cha mkazi chinamusokoneza mutu. Ochepa ankati mwina anaona kanthu, koma akafunsidwa kuti kanthu kanji amangokweza mapewa. Ine samu ija ndinaibwereza kambirimbiri, pa bolodi ana atapita, kumbuyo kwa kope, ndipo nthawi zonse inkatuluka 60. Koma nambala siinkandiuza ngati udzu ukanayaka. Ndinakwiya nawonso a Mpaniha. Bwanji sanakwere n'kusolola wayayo anthu onse aone? Bwanji sanadziteteze?

Ndinakawaona kawiri ku Fort Lister. Ankakhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mdzukulu wa achemwali awo, mayi wabwino koma amene sanawadziwe bwino, ndipo ana a pamenepo ankawatchula kuti anganga achilendo. Ulendo wachiwiri inali nyengo yozizira, nkhungu itaphimba phiri. Ndinawapeza akuothera dzuwa, ataonda.

"Mosheliwa, aphunzitsi," anandilonjera m'Chilomwe, akumwetulira. "Batire lili moyo?"

Titacheza ndinawafunsa funso langa mosazungulira. Anatola kamtengo, koma sanalembe kanthu.

"Samu imakuuza kuchuluka, mayi, siikuuza malo. Mawati 60 aja akanakhala omwazikana waya yense, mwina waya akanangofunda, tsiku n'kutha bwino. Koma akaunjikana pa mfundo imodzi yopotokola, yokulunga ndi legeni, ndiye ndi moto. Ine sindinkadziwa kuti ndi ziti mwa ziwirizi."

"Ndiye simunali otsimikiza?"

"Ayi."

"Nanga ngati munalakwitsa?"

"Ndiye kuti nyumba ndinaitaya pachabe." Anaseka pang'ono, n'kutsokomola. "Koma munaona amene anakhala pansi pa waya uja. Ndikanakwera pa denga kukafufuza, amayi aja akanadzidzimuka n'kupondana, ndipo alamu anga akanachita manyazi kawiri. Ndinaona kuti kumasula n'kwapafupi."

Ndikutsanzika anandigwira mkono. "Inu aphunzitsi, waya uja atamutsitsa munamuona?" Ndinati ayi, anatsitsa a Dizimasi ndi Fulaye ife titapita kukabweza mapoto. Anagwedeza mutu. "Ndimangofuna kudziwa. Osati za mlandu, umenewo unatha. Kungodziwa basi, ngati mfundo ija inatentha." Nkhope yawo inali ngati ya mwana wasukulu amene sanabwezeredwe pepala la mayeso. Aka kanali komaliza kuwaona.

Ku maliro a Mpaniha, a Dizimasi anabwera pa kabaza. Anthu amene amadziwa kuti bamboyu salola mwambo kudutsa osayankhulapo anadabwa kuwaona atakhala patali pansi pa mtengo, chipewa m'manja. Patatha sabata anafika kunyumba kwanga Loweruka masana, naima pabwalo, nakana mpando.

"Aphunzitsi, tiyeni mukaone kanthu."

Tinayenda mpaka kumapeto kwa mudzi, ku nyumba ya a Mpaniha, kumene ndinali ndisanapondeko chichokereni iwo. A Dizimasi anatsegula ndi kiyi wa m'thumba mwawo. Anapisa dzanja pamwamba pa khoma, pansi pa denga, natulutsa kajumbo kokulungakulunga, n'kundipatsa. Munali chidutswa cha waya chotalika ngati chikhatho. Legeni inali itasungunuka n'kuuma, yakuda bii, pulasitiki wa waya atapsa mpaka mkuwa kuonekera, ndipo timapesi ta udzu tinali titamatirira pamenepo, tosanduka makala.

"Ndinachipeza ndekha tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe," anatero a Dizimasi. "Fulaye sanaone, ndinachidula n'kuchiika m'thumba. Udzu wozungulira unali utada malo aakulu ngati lichero, ukaugwira ukufumbutuka. Pansi pake ndi pamene tinakhazika amayi anga aang'ono, osayenda aja."

Ndinali wokwiya kuposa mmene ndinakwiyirapo ndi munthu wamkulu, ndipo ulemu unatsala pang'ono kundithawa.

"Ndiye m'mawa mwake munawasudzulabe, muli nacho m'thumba?"

"Anthu anali atandiseka, aphunzitsi." Anayang'ana pansi. "Ndinkati mtima uphwe kaye, anthu aiwale, tikakolola ndikawatenga ndekha alamu anga, ndikawaonetsa ichi. Takolola katatu."

Ndinawauza zimene a Mpaniha anandifunsa tsiku lomaliza lija. Sindikudziwa ngati ndinachita bwino kuwauza. Anakhala pansi pa chiundo cha khonde, bambo wamkulu wa thupi lake, naphimba nkhope ndi chipewa, ndipo ine ndinalowa m'nyumba kuti ndisawaone.

Nyumbayo ili chiimire kumapeto kwa mudzi, moyang'anana ndi phiri. Adzukulu angapo okwatiwa kumene anaipempha, a Dizimasi anawakaniza onse osanena chifukwa. Denga lake ndi la udzu watsopano, wofolera bwino kuposa nyumba zogonamo anthu, ndipo oyandikana nayo akuti bamboyo amakwera yekha chaka ndi chaka mvula isanayambe, osalola womuthandiza. M'kati ndi mozira, mosesa, mopanda mpando, mopanda mtsuko, mukungomveka mavu akumanga pa zenera. Pakona pali mphasa yatsopano yokulunga, chingwe cha kumsika chikadali chomanga.